Momwe ndinaulutsira apongozi pa lichero

Ntchito yanga ndi yojambula. Ndikanena choncho anthu amaganiza za kamera, ndiye ndimawakonza: ndimajambula ndi dzanja, pensulo ndi inki, ndipo ntchito ikakhala ya pakhoma ndimagwira burashi. Mitu yometedwa bwino imene mumaiona pazipupa za malo ometera ku Sanjala, yambiri ndi ya dzanja langa. Nkhuku yonenepa ija ili pakhomo la kantini ina ku Chiuaula ndi yanganso, ngakhale mwini wake anaumirira kuti ndiiwonjezere ntchafu mpaka inasiya kuoneka ngati nkhuku. Zimenezo ndi zodyetsera ana. Chimene mtima wanga umakonda ndi timabuku ta nkhani za zithunzi, tija ta anthu a mphuno zikuluzikulu, mawu awo atalembedwa m'kamtambo pamwamba pa mutu.

Munthu wojambula saonera TV mwamtendere. Ana anga awiri, onse aakazi, akaweruka kusukulu amakhala pamkeka kuonera makatuni, amene kuno ku Lichinga timawatcha maboneko, ine n'kuima kumbuyo kwawo manja ali m'chiuno. Milandu yanga ndi maboneko ndi yambiri. Pali wa zala. Munthu wamkulu, wotha kujambula mzinda wonse ukugumuka, akulephera bwanji kuwerenga zala za dzanja lake lomwe? Zinayi basi, chachisanu anadya. Pali wa zovala: chaka chimatha mwana wa m'bonekomo ali ndi malaya omwewo, osachapa, osang'ambika, amayi ake osalankhulapo. Akalowa m'nyumba amangodutsa akuluakulu ali pampando, moni osapereka, n'kukatsegula firiji. Akati ajambule dziko la anthu akuda amaika chidzuwa chachikulu, mtengo umodzi ndi nyama yaitali khosi. Abwere kuno mwezi wa Juni adzaone tikuyenda titavala majuzi awiriawiri, nkhungu itameza mitengo ya paini, njinga zamoto zikuyatsa nyale kunja kutacha kale.

Koma mlandu waukulu unali wakuti m'maboneko munthu savulala. Amagwa kuchokera pamwamba pa phiri, chimwala n'kumutsatira, n'kumuphwanya kukhala thyathyathya, ndipo pakapita kamphindi wadzuka, wadzikung'untha fumbi, akuthamanganso. Ndinkati limeneli ndiye bodza loipitsitsa loti n'kuuza ana. Ndinkanena mokweza mpaka ana ankawonjezera voliyumu, ndipo ndinkadziona kuti m'nyumba yonse ndine ndekha wodziwa kuti zinthu zimapweteka.

Mnzanga wokangana naye nkhani zimenezi ali ndi kashopu ka fotokopiya pafupi ndi msika. Ndi Msilamu wa kunyanja, mwana wa asodzi amene anathawa ukonde n'kukwatira makina. Iye amakonda nkhani zazifupi zongopeka, zija za zinjoka zamapiko zolavula moto, malupanga okhala ndi mayina, mafumu a mayiko amene kulibe. Amazipeza pa foni, kuzisindikiza kuseri kwa mapepala owonongeka, n'kundibwereka. Ndisaname, ndimawerenga zonse mpaka kumapeto, nthawi zina kawiri. Ndikatha ndimapita kukazinyoza.

"Kunyado, m'dziko lonselo mulibe munthu wogwira khasu?" ndinkamufunsa, poti kuno mnzako timamutcha kunyado, ndiye kuti mlamu. "Asilikali akuyenda miyezi itatu, akudya chiyani? Akuwalimira ndani? Ndipo chinjoka chako cholavula motocho, chitabwera kuno mu Juni, tingachimangirire pakhonde tiziwotha."

"Wallahi, iwe mtima wa nthano ulibe," ankayankha akupukuta galasi la makina ake. "Munthu akukupatsa mapiko, iwe ukufunsa za nyemba."

Zinayambika Lamlungu lina masana. Ana ankaonera boneko la kamtsikana kouluka pa tsache, ine ndili pamalo anga a nthawi zonse.

"Onani bodza lina," ndinatero. "Tsache lathu n'lalifupi, ndodo lilibe, munthu amasesa atawerama. Akhala pati pamenepo?"

Mkazi wanga ndi mphunzitsi, ndipo tsikulo anali patebulo akuchonga makope. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Bambo a ana, ndi pakamwa pokha mwamanga kale nyumba zosanja. Jambulani zanu tione. Anzanuwo zala ali nazo zinayi, koma ntchito anamaliza."

Mawuwo anandilasa, ndipo ndinakhalira pepala milungu itatu. Nkhani imene ndinalemba inali ya chisanu. M'nkhanimo chisanu chinali chilombo choyera, chaubweya, chachikulu kuposa phiri, chimene chinkatsika m'mamawa n'kudzagona paminda ya mbatatesi, masamba onse n'kupserera. Amuna anachilasa ndi mikondo, mikondo n'kungodutsa. Ndiye panabwera mayi wina wachikulire, mlimi wamba, amene anazindikira kuti chilombocho n'chopepuka ngati mankhusu. Anakwera pa lichero lake, n'kuuluka, n'kuchipeta mlengalenga mpaka mphepo inachimwaza. Ndinanyada nayo nkhaniyo. Munali khasu, munali nyemba, munthu aliyense anali ndi zala zisanu.

Ndinkadziwa, monga adziwa aliyense wobadwira kuno, kuti m'nkhani za anthu lichero ndi ndege ya afiti. Koma ndinali ndi nzeru zanga za m'tauni. Ndinati ngati azungu anatenga tsache la mfiti zawo n'kulisandutsa choseketsa ana, ifenso tilande lichero m'manja mwa afiti, tilibwezere kwa amayi amene amapetera. Nditapita ndi zithunzizo kwa mnzanga wa fotokopiya, anafika patsamba louluka lija n'kuvula magalasi.

"Epa, kunyado. Lichero? Bwanji osamukweza pamkeka? Kwathu kunyanja ukajambula izi, mawa lake akuluakulu akuitanitsa."

Ndinamuseka, ndinamuuza kuti munthu wokhulupirira zinjoka zamapiko sangandiphunzitse kusamala. Ndinaiwala kuti wamisala anaona nkhondo. Mkazi wanga sindinamuonetse n'komwe, chifukwa ndinkafuna adzaone chomalizika kuti ameze mawu ake aja. Safunsa anadya phula.

Tinasindikiza timabuku tochepa, ena ndinagawira ana a m'bairo mwathu, dera limene timakhala, ena tinawasiya pashopupo. Makinawo tsikulo ankalavula inki, choncho masamba ambiri anawonongeka m'mbali. Mnzangayo sataya pepala. Owonongekawo anapatsa mayi wogulitsa mtedza wokazinga pamalo pokwerera mashapa, timabasi tathu topita kumidzi, kuti azikulungira.

Madzulo ake ndinafika kunyumba chifuwa chili patsogolo, n'kuponya kabuku pamkeka. Ana anasiya TV, chinthu chimene sichinachitikepo. Anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu, ndipo wamng'onoyo anakuwa.

"Agogo! Amayi, bwerani mudzaone, agogo akuuluka!"

Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, amakhala kumudzi cha ku Chimbonila. Ndi mayi wamasiye, mlimi wa mbatatesi ndi nyemba, wamfupi, wolankhula pang'ono koma mawu ake oluma. Kukazizira amavala jekete la malemu amuna awo, lalikulu, manja ake opinda kawiri. Achinyamata a m'tauni masiku ano amakhala pasofa limodzi ndi apongozi awo, ena mpaka kujambulitsa nawo pa foni atagwirana mapewa. Apongozi anga mwambo umenewo sanaulandire, ndipo ine sindinawakakamize. Mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, tikakumana panjira ndinkapatukira m'tchire, tikakhala pakhomo limodzi iwo ankayang'ana kum'mawa ine kumadzulo, ndipo mawu athu ankadutsa mwa mkazi wanga ngakhale titatalikirana mapazi atatu okha. Mukanandifunsa kuti nkhope yawo njotani, ndikanalumbira kuti sindiidziwa.

Koma diso la wojambula ndi mbala. Linaba pang'onopang'ono, mwina pagalasi la njinga yamoto, mwina pankhope za ana anga, n'kukasunga m'dzanja ine osadziwa. Pa lichero paja panali apongozi anga enieni: mpata wa mano akutsogolo, kachipsera kapachibwano, duku lomangira pakhutu lamanzere, jekete lopinda manja kawiri. Mkazi wanga anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndiye mumawayang'ana amayi anga, inu? Zaka zonsezi kuthawira m'tchire, koma mpaka chipsera mukuchidziwa?"

Kenako kuseka kunatha mwadzidzidzi.

"Timabukuti tapita kuti? Owonongeka munawaika kuti?"

Tinatolera timene tinatha kutolera, koma kwa mayi wa mtedza tinapeza mapepala atatha, anayenda ndi mashapa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti munthu akadya mtedza pepala amataya. Patapita milungu iwiri mng'ono wa mkazi wanga anaimba foni kuchokera kumudzi. Tsamba limodzi linafika, lamafutamafuta, ndipo linali louluka lomwe lija. Ine mwa luso langa ndinali nditaika mawu onse patsamba loyang'anizana nalo kuti chithunzi chipume bwino. Choncho kumudzi kunafika chithunzi chokha, chopanda chilombo, chopanda nkhani: apongozi anga ali pa lichero, pamwamba pa madenga, akuseka.

Tsambalo linayenda khomo ndi khomo. Ena anaseka n'kuiwala. Koma ena anati mkamwiniyo ndi wophunzira, sangajambule chimene sanaone. Wina anakumbukira kuti chaka chatha chisanu chinawotcha minda ya anthu, wa mayiwo n'kutsala. Zoti munda wawo uli pamtunda, ndipo kuti amadzuka m'mamawa kukafukiza utsi wa zinyalala m'mizere, palibe anazikumbukira.

Tsono m'mudzimo apongozi anga anali ndi udindo umene sulembedwa paliponse. Pa ukwati, pa maliro, paliponse pamene amayi aphika chakudya cha gulu, wothira mchere m'ndiwo anali iwo. Ena amasonkha moto, ena amatunga madzi, ena amatakasa, koma mchere superekedwa kwa munthu wamba. Umapatsidwa kwa amene mudzi wonse ungadye za m'dzanja lake osaganiza kawiri. Sabata imeneyo kunali chinkhoswe, ndipo atatambasula dzanja kuti atenge mchere, mayi wina, mpongozi wa eni mwambowo, anautenga msanga n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Amayi, lero pumulani, mwatopa." Apongozi anga anapukuta manja m'chitenje, n'kubwerera kwawo osadya.

Nditamva zimenezo ndinachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha. Ndinakulira kumudzi, ndikudziwa mmene zimayendera ndi mayi wamasiye akapatsidwa dzina limenelo. Sizifika ndi phokoso. Lero mchere, mawa anthu asiya kudzapala moto, mkuja ana akumzungulira kutali. Ndinauza mkazi wanga kuti ndiwotcha timabuku tonse, kuti ndilemba kalata yopepesa, kuti ndipita kukawerengera mudzi wonse nkhaniyo. Iye anati moto wakewo uwotcha mapepala koma suwotcha zimene anthu anaona. Tili m'kati mozunguzika choncho, uthenga unabwera kuchokera kwa eni ake: mkamwini abwere Loweruka, atenge mapensulo ake ndi mapepala ambiri.

Tinanyamuka m'mawa pa njinga yamoto yobwereka, mphepo ikuluma makutu. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesa, ndipo titafika onse anali atathawa. Apongozi anali pakhonde akusankha nyemba, atatipatsa msana. Ine ndinakhala pakampando pafupi ndi nkhokwe, maso ku nkhuku. Mkazi wanga anakhala pakati. Moni atatha, apongozi anayamba okha.

"Uwafunse amuna ako, anandiona liti ndikuuluka?"

"Akuti munawaona liti akuuluka," anatero mkazi wanga, ngati kuti ine ndinali ku Lichinga.

"Uwauze amayi kuti sindinawaonepo. Ndalakwa kwambiri. Dzanja linandithawa."

"Akuti dzanja linawathawa."

"Dzanja," anatero apongozi, nyemba zikugwera m'mbale imodziimodzi. "Ena limawathawa n'kukaba nkhuku. Awa lawathawa n'kudzaba nkhope. Prontu, zatha. Nkhaniyo imati chiyani? Poti ine ndinangoona tsamba lonunkha mtedza."

Mkazi wanga anatulutsa kabuku n'kuwerenga kuyambira poyamba, ndi mawu ake aja a m'kalasi. Nyemba zinasiya kugwa pamene chilombo chinagona paminda. Atafika pamene mayi uja anachipeta mpaka kumwazika, ndinamva kamphuno kakufwenthera, ndipo sindinadziwe ngati ndi kuseka kapena ayi. Apongozi anapempha kabukuko, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Uwauze kuti lichero aligwiritsa bwino, zala zili pamalo pake. Koma munthu angauluke mu Juni wopanda masokosi? Ndipo mbatatesi yakeyo yabzalidwa mothithikana, singabereke. Asamajambule munda asanafunse."

Kwa nthawi yoyamba ndinamva mmene amamvera anthu a zala zinayi aja ndikamawanyoza. Ndinavomera zonse. Ndinati ndili wokonzeka kuima pamaso pa mudzi n'kunena kuti ndinanama.

"Nada, ayi," anatero apongozi. "Akanena kuti ananama, anthu ati mayiyo wamuopseza. Uwauze asongole mapensulo. Ine sindiuluka ndekha."

Sindinamve tanthauzo lake mpaka amayi atayamba kulowa pabwalo. Anali ataitana onse ophika pamiyambo, atawauza kuti adzaone mkamwini akupepesa, ndipo palibe mayi amene angaphonye zimenezo. Anabwera ambiri, ena ndi ana kumbuyo, n'kukhala cha patali pang'ono kuposa mmene anthu amakhalira pakhomo la mnzawo. Mayi wolanda mchere uja anakhala kumapeto, pafupi ndi njira. Apongozi anauza mwana wawo kuti awerengenso nkhaniyo, akweze mawu, aonetse tsamba lililonse. Nkhani itatha apongozi anaimirira, n'kukonza jekete.

"Mwamva. Chilombocho chibweranso chaka chamawa, ndipo mkamwini wanga akulemba buku lachiwiri. Akuti mayi mmodzi sangachithe, akufuna gulu. Ine malo ndinapeza kale. Koma akuti pepala n'lochepa, atenga okhawo amene amadziwa kupeta."

Ine sindinanenepo zimenezo, koma ndinagwedeza mutu ngati mwini mawu. Ndinaona kuti mayiwo aika zonse pa mphindi imeneyo. Akanangodzuka mmodzi n'kumapita, ena onse akanamutsatira.

Anatipulumutsa ndi mayi wina wonenepa, mnzawo wa apongozi wa kuutsikana, amene amalankhula Chiyao ndi Chinyanja mosakaniza.

"Iii, akamwini, lichero loti n'kunyamula ine lilipo? Kapena mundikweza pa chitseko?"

Ndinagwira pensulo. Ndinamujambula pa chilichero chachikulu chopindika pakati, zidzukulu ziwiri zikukankha kumbuyo kuti chinyamuke, iye atakweza mthiko ngati mkondo. Pepala litafika m'manja mwake anakuwa pa Chiyao kuti "Chambone!", kutanthauza kuti zabwino, n'kugwa chagada ndi kuseka. Linayenda dzanja ndi dzanja, ndipo bwalo lija linayamba kuchepa, anthu akusendera.

Zitatero sindinapumenso. Wina anathamangira kwawo kukatenga lichero lake kuti ndijambule lenilenilo, lokhala ndi chigamba cha thumba la feteleza. Mayi wina wa Chisilamu anati ndimujambule koma mpango wake usauluke ndi mphepo, tsitsi lisaoneke, ndiye ndinaumanga mfundo ziwiri. Wina anafuna mwana kumbuyo, wina wailesi m'manja. Awiri anakangana kuti atsogole ndani. Wina anakwiya kuti ndamuika mano ochepa, ndipo nditamuwonjezera anzake anati ndanama. Zala zinauma ndi kuzizira, koma ndinkaziwerenga zawo mmodzimmodzi, zisanu zisanu, poopa mlandu wina.

Mayi wa mchere uja anakhala pamalo pake mpaka onse anatha. Ndinkamuona ndi ngodya ya diso akuyang'ana anzake akuonetsana mapepala. Dzuwa litapendeka anadzuka ngati akupita, n'kudzaima pambali panga.

"Ine kupeta ndimadziwa," anatero motsitsa mawu. "Koma mphunoyi muichepetseko."

Ndinaichepetsa kwambiri, mwina kuposa mmene anayenerera.

Amayi atabalalika, aliyense ndi pepala lake m'chitenje, ndinayamba kulongedza. Ndipo ndinamva kampando kakukwekwesedwa pansi.

"Akamwini."

Sanati uwauze. Analankhula ndi ine.

"Chija munaba. Lero jambulani chopatsidwa. Yang'anani kuno."

Ndinayang'ana mkazi wanga, iye n'kuyang'ana kumbali. Ndiye ndinadzutsa maso. Mpata wa mano unalipo, chipsera chinalipo, duku linali pakhutu lamanzere. Zonse ndinaba molondola. Koma mayi wa m'kabuku kanga anali wonenepa masaya, wosaopa kanthu. Amene anakhala patsogolo pangawa anali ataonda, maso ali ofiira, m'munsi mwake mutatupa.

"Ndinaopa, akamwini," anatero. "Ana aja ankabwera kudzatola mapeyala apa anasiya. Ndinkawamva akudutsa kumsewu."

Ine amene ndinkalalikira ana anga kuti m'maboneko munthu savulala, ndine amene ndinagubuduzira chimwala pa munthu wamoyo, n'kumayembekezera kuti adzuka adzikung'unthe fumbi. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo pa ntchito yanga. Ndinajambula pang'onopang'ono, osakulitsa mphuno, osawonjezera kanthu, ndipo nthawi yonseyo sanayang'ane kumbali. Nditamaliza analandira pepalalo ndi manja awiri, n'kuliyang'ana, n'kutembenuza kampando kawo kundipatsanso msana.

"Uwauze amuna ako kuti khutu alikulitsa."

Buku lachiwiri ndinalilembadi, poti apongozi anali atalonjeza kale m'malo mwanga. Amayi onse aja alimo, atavala masokosi, mbatatesi itabzalidwa motalikirana bwino. Mawu ndinawaika pansi pa chithunzi chilichonse, patsamba lomwelo. Mnzanga wa fotokopiya analiwerenga ataimirira, n'kunena kuti tsopano ndayamba kukhala ndi mtima wa nthano, ngakhale nyemba zikadali zambiri. Masamba owonongeka tinawawotcha tonse awiri kuseri kwa shopu. Kunyumba ndimaimabe kumbuyo kwa ana, ndipo za zala zinayi sindinasiye, sindidzasiyanso. Koma chimwala chikagwera munthu ndimangokhala chete, mpaka wamkuluyo anandifunsa tsiku lina ngati ndikudwala.

Komabe kuseka kwa tsiku limodzi si umboni. Amayi akhoza kuseka nawe masana, mchere n'kuusungabe kutali. Tinadikira mwambo wina, ndipo unabwera patapita miyezi iwiri, ukwati wa mwana wa mayi wonenepa uja. Tinapita tonse ndi ana. Amunafe anatikhazika pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi kophikira, kumene mwamuna safikako. Ndinkangoona utsi kuseri kwa mpanda ndi maduku akudutsadutsa. Mkazi wanga analowa komweko m'mawa, osatulukanso. Anzanga ankakamba za mitengo ya mbewu ndi za mpira, ine ndikuvomera zimene sindinamve.

Chakudya chinabwera dzuwa lili pamutu, mpunga ndi nyemba. Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye pafupi anayamba kudya, n'kuima, n'kukwinya nkhope. Wina anatsokomola. Wachitatu anaitanitsa madzi. Ndinatapa nyemba zanga n'kuika m'kamwa, ndipo lilime linachita kufota. Mchere wake unali woti n'kuumitsira nsomba.

Nthawi yomweyo mkazi wanga anadutsa ndi ndowa ya madzi osamba m'manja. Anawerama pafupi nane ngati akundithirira, n'kunong'ona.

"Athira amayi. Anawapatsa ndi mayi wa mphuno uja, pamaso pa onse. Dzanja linanjenjemera, thumba lonse linapendekeka."

Bambo wachikulire uja anandigunda ndi chigongono.

"Akamwini, nyembazi mukuziona bwanji?"

"Zili bwino, bambo," ndinatero, misozi ikulengeza, ina ya mchere ina ayi.

Ndinamaliza mbale yanga, ndinamaliza ndi yawo, ndipo ndinatumiza uthenga kophikira kuti ngati zatsalako andiwonjezere.